Dzanzi la m'nsapato zoyera

Ntchito yanga yoyamba inali yopalasa njinga ya katundu, ndipo ndinaipeza pabwalo la tchalitchi. Zipani zambiri zinali zitangoyamba kumene, aliyense akuthamangira geni. A Saulosi, omwe anali ndi golosale pa Lisungwi, ankafuna munthu woti azikawatengera manachesi ndi mbatata ya kachewere kumapiri kwathu. Agogo anga a Nangozo, amene anandilera makolo anga atamwalira, anawadikira mapemphero atatha. Anawauza kuti mdzukulu wawo ndi wosayankhulayankhula koma maso ake saphonya kanthu. A Saulosi anandiyang'ana miyendo, nati ndibwere Lolemba.

Njingayo inali yakuda, yolemera, ya kaliyala yowotcherera. Anandipatsa pampu, sipanala, guluu ndi zigamba, komanso mphira zodula ku chubu chakale zomangira katundu. Thumba la mbatata linkakhala pansi, dengu la manachesi pamwamba. Ndinaphunzira kukunga masipoko ndi kudontheza oyilo pa tcheni. Mapedulo anali atatha, kunangotsala chitsulo chapakati. Mabuleki ankagwira akafuna, choncho potsetsereka tinkaponda tayala lakutsogolo pafupi ndi foloko.

"Buleki yeniyeni ndi phazi lako," anatero a Saulosi. "Tayala uzilimva."

Agogo ataona kuti chitsulo chija chikundicheka kuphazi, anagulitsa tambala wawo n'kukandigulira nsapato zansalu zoyera pa kaunjika. Kwathu nsapato sankagula ndi mwini wake. Munthu ankathyola kaphesi kofanana ndi phazi, n'kukakalowetsa m'nsapato kumsika. Agogo anali ndi kaphesi kamene anandiyezera kalekale, n'kukasomeka kudenga podikira tsiku lopeza ndalama. Anaiwala kuti phazi limakula. Ine zinali nsapato zanga zoyamba, ndiye ndinkayesa kuti nsapato zonse zimathina choncho. Ndinkamanga zingwe mpaka pabowo lomaliza, kukoka kwambiri kuti zisaterereke pa chitsulo.

Dzanzi linayamba sabata yomweyo. Ndikangokwera chitunda choyamba, mtima ukugunda, zala za kuphazi zinkayamba nyerenyere, kenako n'kuzizira, kenako zii, ngati si zanga. Anzanga opalasa ankati ndi magazi akuzolowera ntchito. A Saulosi anaseka, nati ulesi wanga wasankha kuyambira pansi. Madzulo ndikavula linkatha, koma ndinkati ndi kupuma.

Sindinawauze agogo. Anangoona okha mmene ndinkatsikira panjinga, ndikumenyetsa phazi pansi. Anandifunsa, ndinafotokoza. Kenako anati mwana wamasiye akapeza ntchito si onse amakondwa, ndipo wina wanditchera mankhwala panjira, ndaponda.

Anali munthu wa mpingo, ndipo sankafuna kuti akuluakulu amve zoti apita kwa sing'anga. N'chifukwa chake anasankha tsiku la chiperoni, anthu atadzitsekera m'nyumba. Anakwera phiri kulowera cha ku Dambe atafunda chitenje chimodzi. Anabwera madzulo atanyoweratu, akunjenjemera, atafumbata kaufa kakuda kokulunga m'tsamba. Asanasinthe n'komwe, anandikhazika pakhonde, ananditema mphini pazala zonse ndi lezala, n'kupakamo.

Chifuwa chinawayamba mawa lake. Sabata isanathe thupi linali moto, akupuma mobanika, atagwira m'nthiti.

M'mawa wa tsiku lotsatira ndinatsitsa mbatata ya a Saulosi, n'kupinda bulangeti pa kaliyala. Mayi woyandikana nafe anandithandiza kuwakweza, nawamangirira m'chiuno mwanga ndi chitenje. Ndinavala nsapato zanga, ndinakoka zingwe kuposa masiku onse, n'kuyamba ulendo wa kuchipatala ku Lisungwi.

Mphini zija zinali zitatupa. Ndisanamalize chitunda choyamba zala zinali zitafa kale, ndipo dzanzi linakwera mpaka pakati pa phazi. Titafika potsetsereka ndinaika phazi pa tayala, koma sindinamve ngati ndaponda kapena ayi. Njinga inathamanga. Ndinapondereza mwamantha, tayala linaterereka pa dothi, tinakathera m'udzu. Sitinagwe, koma agogo anabuula kumsana kwanga, ndipo sindinayerekezenso kukwera. Ndinawamasula m'chiuno, ndinawagwiritsa chishalo, n'kumakankha. Paliponse potsetsereka, pamene njinga imadziyendera yokha, ine ndinkayenda wapansi. Dzuwa linkakwera, kupuma kwawo kukufupika.

Pamtsinje wina tinapeza mayi akuchapa. Anawamwetsa agogo madzi, kenako anayang'ana mmene ndinkatsimphinira.

"Achimwene, nsapatozo n'zanu kodi? Zala zachita kupindika. Masulani zingwe, mupondere kumbuyoko ngati patapata."

Ndinachita zomwezo. Posakhalitsa ndinamva ngati singano zikundibaya m'zala, kenako kutentha, kenako ululu wa mphini iliyonse payokha. Ndinawamangiriranso agogo n'kukwera. Ndinapalasa zitunda zonse zotsala, dzanzi osabweranso. Potsetsereka tayala ndinkalimva bwinobwino. Ndinalira njira yonse osatulutsa mawu, kuopa kuti agogo angamve kumsana.

Tinafika dzuwa litapendeka. Anati ndi chibayo, nawagoneka, n'kuwabaya jakisoni. Madzulo anatsegula maso, nandiitana ndi chala.

"Nanga zala zija?"

"Zapola, agogo. Ndapalasa mpaka kuno."

"Eti? Ndinadziwa ine. Sindinavutike chabe."

Anamwetulira, n'kutsekanso maso. Za nsapato sindinanene. Anamwalira kutacha.

A Saulosi sanafunse za mbatata yawo. Anagula nsalu ya maliro, natumiza ngolo yonyamula mtembo, nandiuza kuti njinga idzandidikira. Ndinabwerera, ndipo ndinaipalasa zaka zingapo. Kaphesi kaja ndinakapeza kudenga tikusesa nyumba. Nditakaika pansi pa phazi langa, kanalekezera poyambira zala.

Kwa amene akufuna ntchito imeneyi, zimene ndinatengapo n'zochepa. Nsapato muziyesa nokha, ndipo kutsogolo kuzitsala malo. Zingwe musakoke ngati mukumanga thumba, chifukwa phazi limatupa mukapalasa. Muzipondera pedulo ndi potambalala pa phazi, osati ndi zala. Zala zikachita dzanzi, imani, masulani, zigwedezeni. Likapitirira mutavula kale, pitani kuchipatala. Ndipo mukafuna chimene chikukuvutani, yambani mwayang'ana zimene mwavala musanayang'ane kumapiri.

Mpaka lero ndikakwera njinga ndimagwedeza zala m'nsapato, ndipo zonse ndimazimva. Timizere ta lezala tija tikuonekabe.