Usawayankhire Salamu

Utsi wa zitsononkho zonyowa ukandilowa m'maso, ndimabwerera kumudzi kwathu kuseri kwa phiri la Dedza, m'mawa wa chifunga, ndipo ndimamva ndodo ya Abiti Saidi ikugogoda miyala potsikira kwathu. Anali mayi wachikulire woyandikana nafe, wa mano atatu ndi pakamwa posatopa.

Chinali chaka chimene bambo anga anatengedwa pa mtengatenga, kukasenza katundu kunkhondo ya azungu. Anafera komweko, anzawo anabwera ndi bulangete la bambo lokha. Mayi anali atamwalira kale, ndiye tinatsala awiri, ine ndi agogo, Abiti Juma. Sadaka itatha, anthu atabalalika, agogo anagona choyang'ana kukhoma. Kulira sankalira. Anangosiya kulankhula, phala linkazizira pambali pawo, nyemba zinkathetheka zokha m'munda, ndipo mkeka wawo woswalirapo, uja ankagwadapo popemphera, unayamba kudyedwa ndi chiswe. Ena ankati awalodza, ena ankati chikhulupiriro chawathera.

Abiti Saidi ankafika m'mawa uliwonse ndi madzi ofunda mumphika, n'kuima pakhomo. "Salaamu alaikumu, Abiti Juma."

Ine, pofuna kuonetsa ulemu, ndinkayankha msanga. Tsiku lachitatu anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Iwe wachangu, wakupatsa moni ndani? Salamu akayankha mmodzi, onse a m'nyumba apepukidwa. Ukuwalanda agogo ako kantchito kamodzi komwe kawatsalira. Mawa utseke pakamwa."

M'mawa mwake ndinatseka. Anapereka salamu, m'nyumba munali zii. Anakhala pakhonde n'kuyamba kutongola chimanga chathu, akulankhula ndi chitseko.

"Ine sindichoka, mnzanga. Ndithamangira chiyani, mano otafunira ndilibe. Chisoni si kukana Mulungu. Kunali mneneri amene analira mwana wake mpaka maso anachita khungu, koma Allah sanamutaye. Salaamu alaikumu."

Dzuwa lili pamutu, mawu a agogo anamveka ngati akuchokera mumtsuko. "Wa alaikumu salaamu. Tsopano chokani."

"Alihamudulila," anatero Abiti Saidi, akupukuta m'maso ndi nsalu. "Mwano wabwerera, munthu alipo."

Agogo sanachire tsiku limenelo ayi. Panapita miyezi. Anayamba ndi salamu, kenako analola kuviika manja m'madzi ofunda aja n'kutawaza, kusamba kokonzekera pemphero, kenako zipande ziwiri za phala. Masiku ena ankabwereranso kukhoma, ndodo ija n'kubweranso. Mvula itagwa, ndinawaona akufunafuna khasu.

Ine ndakula, ndabereka asanu ndi awiri, ndipo ndikuthokoza Mulungu pa onsewo. Mwezi uno mwana wanga wamkazi wapita padera, wagona choyang'ana kukhoma. M'mawa ndimatenthetsa madzi, ndimauza adzukulu kuti aliyense atseke pakamwa, ndimaima pakhomo n'kupereka salamu. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi. Chimanga chotongola ndabwera nacho chambiri.