Singano Yomwe A Saulos Anafuna Kuilozera

A Saulos a ku Thambani sanayendetsepo galimoto. Ngakhale wilibala amaigwetsera m'ngalande. Koma pitani kuboda ya Mwanza, poimikira mathiraki paja, mukawapeza atavala chijekete chonyezimira chomwe palibe anawapatsa, akukuwa: "Bwera! Bwera! Khota! Ima! Para, amigo!" Madalaivala a ku Tete amangoyang'ana pagalasi n'kumachita zawo, iwo n'kumati ndi mawu awo aimika thirakiyo. Akalamba nayo ntchito imeneyi. Ndi kumaliro komwe, bokosi silitsika m'manda iwo asanalilozere.

Chaka chatha chifuwa chinawakanirira. Ekisileyi inaonetsa kachotupa m'phapo, makhololo osaonetsa kanthu. Basi anawatumiza ku chipatala china ku Blantyre kuti akatapeko kanyama n'kukayeza ngati ndi TB kapena khansa. Akazi awo a Esime, make Melvin, anaonda kuposa wodwalayo.

Kumeneko, abale, akuti kuli makina. Amakujambula m'kati, ndiye pasikirini pamaoneka njira yoti singano idutse pakati pa nthiti mpaka pachotupa, ngati mapu a pafoni aja. Wodwala ntchito yake ndi imodzi: kugona chafufumimba, phee, osapuma akakuuza.

"Bambo, mukalankhula phapo limasuntha, singano iphonya," anatero dokotala, kamtsikana kaulemu.

Tsoka lake, a Saulos sikirini ija ankaiona cham'mbali. Singano itangoyamba kulowa, ntchito inawabukira m'magazi.

"Adokotala, mwapendekera kumanzere! Wongolani! Bwera, bwera..."

"Chete, bambo!"

"Mugunda nthiti inu!" Mpaka mkono m'mwamba, kulozera.

Singano anaizula. Dokotala anati ayesanso kamodzi kokha. Zikakanika, abwerere ku Mwanza ndi chotupa chawo chopanda dzinacho, akayambirenso kudikira pamzere.

A Esime anawapeza pabenchi la pakhonde, akufotokozera mlonda momwe kadokotala kaja kanalakwitsira kona.

"Bambo a Melvin, mathiraki aja amaima okha. Anthu amangokusiyani poti amakumverani chisoni. Ndiye lero mukufuna kundiphera mwamuna ndi pakamwa panupo? Ndilibetu wina ine."

Atalowanso, a Saulos anapempha okha kuti awatembenuzire nkhope kukhoma. Namwino akuti anaona misozi, kaya ya ululu, kaya ya mawu omwe ankamezawo, ine sindinaliko. Singano inafika pomwe imapita, kanyama kanatuluka.

Zotsatira zinati ndi TB, osati khansa. Mankhwala akumwa, masaya abwerera. Chomwe chakana kupola ndi cha pakhonde chija. Ife oyandikana nawo timamva tsiku ndi tsiku kuseri kwa mpanda:

"Make Melvin, anthu ake ati amandimvera chisoni? Tchulani maina."

"Imwani mapiritsi, bambo."