Denga la Bambo a Madamu

Chaka chimene korona inaimitsa ndege, ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Nuaija, mumzinda wa Doha, pa banja lina la azungu a ku England. Bambo a madamu, nkhalamba yaitali yoyendera ndodo, anangobwera kudzacheza, koma njira yobwerera inatsekeka. Madamu anandiuza kuti ndizisamala iwowo.

Masana tinkakhala awiri pakhonde, iwo nkumandionetsa nyumba yawo ya ku England pafoni. Inali ya miyala yokhayokha, yomangidwa azigogo awo asanabadwe. Makoma ake anali ochindikala moti munthu nkukhala pawindo ngati pabenchi. Mawindo ang'onoang'ono, ogawidwa ndi timizati ta mwala. Denga nalonso la miyala yaphanthi, ikuluikulu m'munsi, ing'onoing'ono kumtunda. Makomo ake anali aafupi, ndipo mpamene ndinamvetsa chimene ankaweramira polowa m'chipinda chilichonse, chonsecho makomo a ku Doha ndi aatali.

"Boma linaiika m'gulu la nyumba zakale zotetezedwa," anatero. "Ngakhale windo sindingasinthe popanda chilolezo."

"Ndiye ndi yanu bwanji, bambo?"

Anaseka. "Ine ndine mlonda chabe, mwanangu."

Kenaka neba wawo anaimba foni. Mphepo inali itasasula miyala ina padenga, ndipo mvula inkathira pa mtanda waukulu wa thundu umene unanyamula chipinda cham'mwamba. Amisiri odziwa denga lotere ndi ochepa, ndipo nawonso anali atatsekeredwa m'makwawo. Kuyambira tsiku limenelo nkhalambayo inayamba kusiya chakudya. M'mawa wina ndinawapeza pageti atavala chijasi, dzuwa likuotcha kale, thukuta lili kamukamu.

"Tsegula. Mtanda uja ukawola, nyumba yonse ikhala pansi."

"Ndege kulibe, bambo. Tiyeni m'nyumba."

Anandigwira dzanja mwamphamvu, ndipo tinabwerera pang'onopang'ono. Nanenso mtima unali kwathu ku Ntcheu, kumene ana anga ankakhala ndi achemwali anga, koma ndani akanandifunsa?

Nkhalamba ija itayamba kukhosomola, inabwera ambulansi ndi anthu ovala zoyera thupi lonse. Ine ananditsekera m'chipinda changa kuti aone ngati ndatengera. Ndinangomva geti likutsekedwa. Bambowo anamwalira kuchipatala popanda wachibale pambali, ndipo uthengawo madamu anandiuzira kuseri kwa chitseko, akulira.

Ndege zitayambanso, banjalo linaganiza zobwerera kwawo kukaona za nyumbayo. Madamu anati pansi pa lamulo latsopano ndingathe kupeza ntchito ina popanda kalata yondimasula. Mayi wina wa ku Dedza amene tinkapemphera limodzi anandipezera malo pa hotela ina ku Al Sadd, mu Doha momwemo. Tsiku loyamba anandipatsa masiki, magolovesi ndi ngolo ya nsalu, nkundiuza kuti ndiyambire zipinda zam'mwamba. Mlendo akatsokomola mkati, ndinkaima kaye pakhomo ndisanagogode.