Udotolo wa mlongo wanga

Mdzukulu wanga akufuna kukaphunzira za malamulo kumzinda, ndipo kusukuluko ati alembe maina a anthu awiri odziwa milandu amene angamuchitire umboni. Dzana ndidamumva akufunsa mnzake ngati nkofunika kuyika maulemu onse aja patsogolo pa dzina, poti mmodzi mwa awiriwo ndi mnansi amene timadya naye. Ine ndidali pakhonde ndikusankha nyemba. Lero ndatenga cholembera, chifukwa nkhani iyi pakamwa imandikanika.

Ine sindikhulupirira munthu. Wogulitsa mchere ndimamuyang'ana zala, wondipatsa moni wautali ndimayang'ana kumene maso ake akuthamangira. Khalidwe limeneli landipulumutsa kambiri, ndipo sindilipepesa. Koma kamodzi lidadya mwana wanga.

Zidachitika nkhondo ya azungu itatha, ife tikukhala kufupi ndi mishoni ya ku Lifidzi. Mwana wanga woyamba adamaliza kalasi yachinayi kwa apadiri, ansembe a pamishonipo, ndipo Chipwitikizi chinkatuluka mkamwa mwake ngati madzi. Kudamveka kuti ku Tete akutenga anyamata ochepa oti aphunzire ulembi ndi kumasulira pabwalo la milandu. Msinkhu wake udali pamalire: akalephera chaka chimenecho, chinacho akanati wakula. Pepala lopempha malo linkafuna dzina la munthu wodziwika kuboma, amene sukuluyo ikamulembere kalata kufunsa ngati mnyamatayo ndi wamakhalidwe.

Munthu woteroyo tidali naye. Amayi anga aang'ono adabereka mwana kwa mzungu wa kantina, sitolo ya kumudzi, mzunguyo nkumutenga mwanayo ali ndi mano a mkaka, kupita naye kutali kukaphunzira. Adabwerako ali adivogado, woyankhulira anthu pamilandu, nakhala ku Tete. Apwitikizi munthu wotere amamutcha dotolo, ndipo ngakhale asipayi, apolisi a boma, ankavula zipewa akamadutsa. Koma kwa ine adali mlongo wanga, amene ndidamubereka kumsana nkundinyowetsa nsalu. Kwa mwana wanga adali malume.

Ndinkamuyang'anitsitsa munthuyo. Pamaliro a amayi ake adafika anthu akubwera kumanda, nakhala pampando pamene amuna anzake adali pansi, ndipo sadagone pasiwa. Ndidazisunga zimenezo. Mumtima ndidaweruza kuti amachita nafe manyazi.

Pepalalo adalemba ndi apulofesolo, aphunzitsi a kumishoni, pa pepala la boma lokhala ndi selo, sitampa yolipira ija. Poti Chipwitikizi sindichidziwa, ndidawauza kuti andiwerengere, liwu ndi liwu, nkumandimasulira. Atafika pa dzina la mboni adayamba kuyala maulemu: wolemekezeka koposa, sinyolo, dotolo, adivogado wa ku Tete, kenako dzina la bambo wake mzungu uja.

"Nanga pamene pakuti ndi malume ake ndi pati?" ndidafunsa.

"Pamenepo sitilemba, amayi."

"Chifukwa?"

"Kuboma safunsa kuti adayamwa bere la yani. Amafuna kuona kuti amene akuyimira mwanayu ndi munthu wolemera pakamwa. Ulemu wonsewu ukachokapo, pepala limapepuka."

"Ndiye mwamulemba ngati mlendo wodutsa mumsewu?"

Apulofesolo adaseka. "Amayi, inu mukapita kumunda mumavala nsalu ya kutchalitchi? Malo alionse ali ndi chovala chake."

Kuseka kumeneko ndi kumene kudandiipira. Ndinkadziwa kuti apulofesolo ali ndi mphwawo amenenso ankafuna malo omwewo. Ndidatenga pepala, ndidathokoza mogwada, koma m'njira monse mutu udali kuwira. Kwathu kuno amene amayankha za mwana ndi malume, mwinimbumba. Mwana akalakwa amaitana malume, akafuna kukwatira amapita kwa malume. Mlendo, kaya akhale ndi maulemu odzaza dengu, akhoza kunena kuti mwanayu sindimudziwa, palibe amene angamudzudzule. Koma malume akakana mphwake pagulu, dziko limamuseka. Ndidaganiza kuti apulofesolo amusiyira dala mlongo wanga khomo lothawira. Ine ndidafuna kulitseka khomolo.

Sindidauze mwamuna wanga, sindidauze mwana. Ndidati ndikukagulitsa kachewere ku Domwe, ndipo ndidasenzadi dengu, pepala lili m'nsalu pachifuwa. Pakhonde la kantina ina pankakhala bambo wina wotsimphina, wobwera kumigodi, amene ankalembera anthu makalata ndipo ankasunga mapepala a selo. Ndidamuuza kuti akopere zonse monga zilili, koma pa dzina la mboni achotse maulemu onse, achotsenso dzina la mzungu, alembe dzina limene agogo athu adamutcha mwanayo tsiku lotuluka m'chikuta, kenako alembe kuti malume ake enieni a mnyamatayu.

Bamboyo adayika cholembera pakhutu nandiyang'ana.

"Mayi, amene adalemba ili ndi wodziwa ntchito. Mukufuna ndiliwononge?"

"Ndati lembani."

"Munthu wamkulu chonchi kumuvula jekete pamaso pa azungu? Mudayambana?"

"Ndi mlongo wanga. Chibale ndi fupa, sichiola."

"Fupa lake kuboma ku Vila sadya," adatero, koma adalemba. Ndidaganiza kuti nayenso ndi mmodzi wa iwo, anthu a zolembera amene amatetezana. Anthu awiri adanditsina khutu, ine ndidawayesa adani onse awiri.

Pepala ndidakapereka ndekha kuboma ku Vila, lopindidwa bwino. Loyamba lija ndidalisunga pansi pa bokosi, kuti tsiku lina ndidzawaonetse apulofesolo kuti ndidawatulukira.

Mvula idatha, chimanga chidauma, kudayamba kuzizira. Mwana wanga ankapita kumishoni Loweruka lililonse kukafunsa ngati yankho lafika. Adachapa malaya ake oyera nawapinda, nkumawatulutsa kuti aone ngati njenjete zalowamo. Kenako tidamva kuti kamiyau, galimoto ya katundu, yatenga anyamata atatu kupita ku Tete. Mphwawo wa apulofesolo sadali m'gulumo. Mwana wanganso ayi.

Patapita masabata awiri, dzuwa lili pamutu, ndikupuntha nyemba pabwalo, ndidaona munthu wa jekete akubwera wapansi kuchokera kumsewu, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Adali mlongo wanga. Ndidathamangira mpando, iye adakana, nakhala pamphasa pomwe padali makoko a nyemba.

"Alongo, mwana ali kuti?"

"Wapita kudimba."

"Zili bwino. Ndiyambe ndi inu."

Adatulutsa mapepala awiri m'thumba. Loyamba ndidalizindikira, lidali la ku Domwe lija, koma tsopano lidali ndi chidindo chofiira.

"Adalemba ndani ili?"

Ndidati apulofesolo. Bodza lidatuluka lokha, lisadapemphe chilolezo.

"Apulofesolo adanditumizira uthenga kalekale kuti andilemba ngati mboni, ndipo ndidavomera. Dzanja lawo ndimalidziwa. Ili si lawo."

Nkhuku idabwera kudzatola nyemba pafupi ndi phazi langa, sindidaiingitse.

Adandifotokozera modekha, ngati akuyankhula ndi wodwala. Alembi a kusukuluko adayang'ana dzinalo m'buku la anthu odziwika, sadalipeze. Adaona kuti mnyamata wapereka malume ake a kumudzi ngati mboni, zimene aliyense angachite, nalikankhira pambali. Kalata yofunsa sidatumizidwe kwa munthu. Iye adadikira, adadikira, mpaka adapita yekha kukafunsa, napeza malo atatsekedwa. Adachonderera, koma mndandanda udali utapita kale kwa akuluakulu.

Kenako adatambasula pepala lachiwiri. Idali kalata imene adalemba kuti akafunsidwa angopereka. Adandimasulira m'chinenero chathu, chimene ndinkayesa kuti adaiwala. Mzere woyamba udati: mnyamata uyu ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo ndikumuyimira monga malume ake.

"Mwaona, alongo? Umalume ndikadaunena ndekha, ndi pakamwa panga, ndipo ukadalemera chifukwa wonena ndi dotolo. Inu mudaganiza kuti udotolowo ndimaufuna ine? Ine ndili nawo kale. Papepala paja udali wa mwanayu. Ndiwo ukadamutsegulira chitseko."

Ndidafuna kudziteteza. Ndidati, "Nanga pamaliro a amayi anu mudakhaliranji pampando?"

Iye adati, "Mpando mudandibweretsera ndinu. Ndidaopa kukana, ndimati mwina ndiye mwambo wake. Adandichotsa kuno ndili wamng'ono, alongo. Palibe adandiuza kuti mwana amagona pasiwa. Ndidadikira kuti wina andiuze, nonse munkangondiyang'ana."

Ndidakumbukira. Mpandowo ndidanyamula ndine, dala, kuti ndione ngati akhalepo.

Mwana wanga atabwera kudimba, malume ake adamuuza kuti pepala lidalakwika ndipo malo atha. Sadanene kuti adalakwitsa ndani. Mnyamatayo adati, "Apulofesolo?" Mlongo wanga adayang'ana pansi, kundisiyira mpata. Ndidalowa m'nyumba, ndidatsegula bokosi, ndidatulutsa pepala loyamba lija nkumupatsa mwana wanga m'manja. Adaliwerenga, adawerenganso la chidindo chofiira. Ankadziwa kuwerenga bwino kwambiri mwana ameneyo, sipadafunike womasulira.

"Amayi," adatero. Basi. Adalipinda pepalalo potsata mizere yake yakale nandibwezera.

Malume ake adayesa kumupezera ntchito ya ulembi kwina, koma popanda sukulu ija zitseko zidali zolimba. Chaka chotsatira mnyamatayo adapita kuminda ya fodya kutsidya la malire, ndipo atabwerako adakhala wolima kachewere mpaka imvi. Anthu a m'mudzi akalandira kalata ya boma ankabwera nayo kwa iye kuti awawerengere, ndipo ine ndikawaona akubwera ndinkapita kuseri kwa nkhokwe. Mwana wangayo sadanditchulirepo nkhaniyi ngakhale kamodzi. Ndikadakonda akadandilalatira.

Kwa apulofesolo sindidapite kukapepesa. Ndinkawapatsa moni wogwada patchalitchi, iwo nkumayankha bwinobwino, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati adadziwa.

Mdzukulu amene akufuna za malamuloyu ndi mwana wa mwana wanga yemweyo. Pepala la apulofesolo likadali m'bokosi, lafiira m'mbali, koma maulemu onse akuwerengeka. Mawa ndimupatsa pamodzi ndi zimene ndalembazi. Akalembe mnansi wathuyo ndi ulemu wake wonse, ngakhale timadya naye mbale imodzi, ndipo akamaliza asandionetse ine kuti ndiliyang'ane.