Mayi Amene Amafa Chaka Chilichonse

Mayi Marjorie Dusek a ku Toledo anakalambira pa ntchito yochapa nsalu za m'chipatala, akulera okha mwana wawo Colleen, bambo ake atathawa. Colleen anakula n'kukhala wolemba ndakatulo, ndipo analemba mawu a sewero loimba lonena za moyo wa mayi akewo. Koma kumapeto kwa seweroli, mayiyo amafa.

"Iwe, ndinakulakwira chiyani kuti undiphe ndili moyo?" anafunsa Mayi Dusek.

"Amayi, masewero oimbawa amatha choncho. Mkazi akapanda kufa, anthu sakhutira."

Seweroli linatchuka. Chaka ndi chaka Colleen amawaitana, ndipo iwo amakhala pampando wakutsogolo, nsapato zikuwathina, n'kumaonerera kamtsikana kosewera ngati iwo, kosadziwa n'kusita komwe, kakugwera pamulu wa nsalu, kakufa kakuimba. Kukana sangathe, mwana ndi mmodzi yemweyo. Amalakalaka atauzako anthu za maluwa awo ndi za bambo wina amene amavina nawo Loweruka, koma wofunsa palibe.

Chaka chino seweroli litaonetsedwa ku Cincinnati, mayi wina, misozi ili chuchuchu, anawagwira dzanja potuluka.

"Pepani, mayi. Pepani kwambiri."

Mayi Dusek anaweramitsa mutu n'kuyankha kuti zikomo, monga amachitira anamfedwa.