Utoto wa Khansa Sunagwire

Mu 1996, ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi, ndinasiya ukonde wa mkulu wanga ku Chikale, kwathu ku Nkhata Bay, n'kupita ku Joni. Usipa unali utachepa, ana akukula. Mkazi wanga NyaMhone sanandiletse. Anangofunsa kuti ndidzabwera liti. Ndinati pa Khirisimasi, osatchula chaka.

Ndinkasamala maluwa kwa mzungu wina, n'kumagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Lamulungu ndinkasita malaya popanda kopita. Ndalama ndinkatumiza, koma pafoni mawu anga anali ochepa. Kwathu ndinkafika mwa apo ndi apo, ngati mlendo.

Zaka zitatu zapitazo maso anga anachita chikasu, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka, thupi lonse kuyabwa. Bwana ananditengera kuchipatala chachikulu. Dokotala wake anali mayi wamsinkhu wa mwana wanga woyamba. Anati kanjira kotulutsa ndulu m'chiwindi kapanikizika. Anaikamo kachubu, n'kubudulako kanyama kochepa kuposa njere ya mpunga.

Ndinamufunsa ngati inali khansa. Anati pachithunzi khansa ndi kutupa wamba zimafanana, ngakhale iye sangazisiyanitse ndi maso. Kanyamako akakachekacheka kupyapyala kuposa khungu la anyezi, n'kuthirapo mankhwala a utoto. Utoto wina umagwira pamene pali khansa, wina umagwira pa nthenda yotupitsa imene imamva mankhwala. Anandionetsa pakompyuta kanyama ka wodwala wina: timadontho tofiirira tili mbwee, ngati nsomba zazing'ono m'madzi oyera. Ine ndimatha kudziwa kuti mphepo ya mwera ikubwera pongoyang'ana mitambo. Koma kuti munthu aone imfa kapena moyo m'kanyama kotero, zimenezo ndinali ndisanazionepo. Ndinavula chipewa.

Anati ndidikire zotsatira. Sindinadikire. Ife a ku Nkhata Bay tili ndi lamulo lathu kumeneko: ukaona kuti watha, kwera basi udakali ndi miyendo, usavutitse anzako ndi kunyamula bokosi. Ntchito ndinasiyira munthu wa ku Chintheche, n'kunyamuka.

Nditafika ndinaitanitsa abale, n'kuwauza kuti ndabwera kudzafa. Masuti ndinagawa, njinga ndinapatsa mphwanga. Ndinawaloza podzandiika, pafupi ndi mkulu wanga amene anamwalira ine ndili ku Joni. Kumandako ndi kumene anandiuza kuti nayenso anafa maso ali chikasu. Iye panalibe anamubudula kanyama. Anthu anangoloza chala mkazi wake kuti anamudyetsa, ndipo mpaka lero ena samulonjera. Mlamu wangayo ndinamupeza akugulitsa nthochi kudoko, yekhayekha. Ndinakhala naye pansi anthu akuona.

Kenako foni inalira. Anali dokotala uja, atandifufuza kudzera kwa bwana.

"Bambo, munathawiranji? Utoto wa khansa sunagwire. Wagwira winawo."

Ndinamuuza kuti abwereze, anabwereza. Anati alankhula ndi anzake a ku Mzuzu, ndizimwa mapiritsi, azindiyeza pafupipafupi. Ndinayang'ana pamimba panga nthawi yaitali. Kanyama kaja kanatsala kutali uko, koma kanandilankhulira mlandu n'kuwina, mwini wake nditathawa.

NyaMhone ndinamupeza akuyanika chinangwa cha kondowole. Ndinamuuza zonse. Manja ake sanaime.

"Ndiye muchita bwanji, Ada? Paja munabwera kudzafa. Zodzakhala ndi ine simunakonzekere."

Sananame.

Lero ndili bwino, ndimayenda wapansi mpaka kudoko. Zimene ndinataya ndazidziwa: ntchito imodzi, masuti anayi, njinga. Mkulu wanga, amene nthenda yake palibe adzaitchule dzina. Ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi za mkazi uyu, zimene ndilibe kokaziitanitsa.