Tsiku limene anandikweza ngolo ndisakufuna

Lachiwiri la sabata yatha kunacha ndi mvula yamawawa, ija yosagwa kwenikweni komanso yosakata. Achule ankalira kudambo, madzi akudontha pamalata a khonde langa. Ndili chigonere pamphasa ndinamva ngolo ikubwera m'matope, mwini wake akukalipira abulu. Ndinkayesa wina akupita kuchigayo kwa Msundwe. Koma ngoloyo inaima pakhomo panga.

Ndiyambe ndakuuzani chimene chinandigoneka. Ndikupalira chimanga, khasu linaterereka n'kunditema pamwamba pa kakolo. Ndinatsuka ndi madzi amchere, kumangapo kansalu, n'kupitiriza ntchito. Balalo linakana kupola. Mwendo unatupa, thupi linayamba kutentha. Aliyense wodzandizonda ankati, "Aphunzitsi, kuchipatala." Ine ndinkayankha kuti mawa.

Mawa limenelo silinkafika, ndipo chifukwa chake ndinkachisunga mumtima. Mkazi wanga, amake Tereza, anamwalirira m'chipatala cha mishoni chomwecho. Madokotala anachita zimene akanatha, sindiwadandaula. Koma chitulukireni pageti paja ndi chitenje chawo m'manja, phazi langa silinapondeponso. Ngakhale podutsa panjinga ndinkayang'ana kumbali.

Olowa m'nyumba anali atatu, onse a mphakati wathu, kagulu ka akhristu oyandikana nyumba kamene timapemphera limodzi mkati mwa sabata: a Kwenda eni ngolo, a Lifa osoka nsapato, ndi mayi Nasibeko, apampando athu.

"Tabwera kudzakutengani," anatero mayi Nasibeko, osakhala n'komwe pansi.

"Zikomo mayi, koma lero kuli mvula. Tione mawa."

"Mawa lanulo tatopa nalo. Mukufuna ngolo yomweyi idzabwere ndi bokosi? A Kwenda, gwirani kumutuko. A Lifa, samalani mwendowo."

"Kodi mwayamba liti kulamula m'nyumba ya eni?" ndinafunsa.

"Lero lomwe. Mukachira mukatisumire kwa abambo mfumu."

Anandinyamula ngati thumba la feteleza, ine munthu wa imvi amene ndinaphunzitsa ana a m'mudzi muno mpaka kupuma ntchito. Amayi a pamjigo anasiya kupopa n'kumaonerera. A Kwenda anandifunditsa pulasitiki ya pachigafa chawo cha fodya, ulendo n'kuyambika. Njira yonse sindinawayankhule. Kolona ndinali naye m'manja, koma ndisaname kuti ndinkapemphera. Mkanda uliwonse ndinkawerengerapo cholakwa chawo.

Titafika pageti paja, mayi Nasibeko anatsika, n'kuyenda m'mbali mwa ngolo atandigwira paphewa. Apo m'pamene ndinazindikira kuti chinsinsi changa chija mphakati wonse unkachidziwa.

Dokotala atamasula kansalu kaja anapukusa mutu. "Agogo, mukanachedwa pang'ono chabe, bwenzi tikukamba zodula mwendo." Anandigoneka masiku angapo, ndipo ndinatuluka ndi miyendo yanga yonse iwiri. Mulungu alemekezeke.

Amene mumawerenga danga lino mukudziwa kuti Loweruka masana ndimaphunzitsa Chingerezi akuluakulu angapo. Ena akufuna kubwereza mayeso, ena akungofuna kumva zolembedwa pabotolo la mankhwala a mbewu. A Kwenda ndi a Lifa ali m'gulu limenelo. Loweruka lapitali, poti sindikuyenda bwino, anasonkhana pakhonde langa. Mawu otsatira m'buku lathu anali akuti "force", kukakamiza, kumene achinyamata amati kufosa. Sindinawasankhe dala.

Ndinafotokoza kuti chiganizo cha mawu amenewa chimayenda ndi zitatu: wokakamiza, wokakamizidwa, ndi chimene wakakamizidwa kuchita. Kenaka aliyense anapanga chake, poyamba m'Chichewa, tikatero n'kuchitembenuza limodzi.

Bambo wina anati ng'amba inawakakamiza kubzala kachiwiri. Tinachitembenuza bwinobwino. Mayi wina, amene sakonda kulankhula, anati malume ake anakakamiza mng'ono wake kukwatiwa ali kusukulu. Nachonso tinachitembenuza.

A Lifa anakweza dzanja. "Aphunzitsi, changa chabwera kale m'Chingerezi. We forced the teacher to ride the cart. Ndakhoza eti?"

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ndinawauza kuti akhoza, pakuti chiganizocho chinalibe cholakwika. A Kwenda okha sanaseke. Ankangoyang'ana pansi.

Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikusinkhasinkha za mtsikana uja ndi za ine. Tonse awiri tinakana, tonse awiri sanatimvere. Nanga bwanji ine ndikuthokoza pamene iye mwina akulirabe?

Kwathu kuno timakakamizana kwambiri. Mlendo timamukakamiza kudya. Wamasiye timamukakamiza kukwatira misozi isanaume. Inenso anandiyesa zimenezo, ndinakana, ndipo sindinong'oneza bondo. Komanso tili ndi khalidwe lina losiyana nalo, limene timalitcha ulemu. Munthu wamkulu akudwala, akukana chipatala, ife timangoti, "Ndi akuluakulu, akudziwa okha." Timamubweretsera phala, timamupempherera, n'kubwerera kwathu mitima ili m'malo. Kodi ndi angati amene agona kumanda chifukwa tinawalemekeza mopitirira?

Sindikunena kuti muzinyamula aliyense wokana maganizo anu. Ine kuweruza ndimachedwa nako, ndipo manyazi amene ndinamva pangolo paja anali enieni. Ndingonena zimene ndaona. Malume aja atatha kukakamiza, anabwerera kwawo, katundu yense n'kutsalira mtsikana. Anzangawa katundu anasenza okha. A Kwenda anasiya munda wawo tsiku lathunthu pakati pa nyengo yopalira. A Lifa anatseka ntchito yawo n'kukhala wondidikirira kuchipatala mpaka tsiku lotuluka. Pobwera ndinapeza amayi a mphakati atamaliza kupalira ndime imene khasu lija linandisiyitsa.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndingowonjezera kuti mnansi weniweni akakutsina sathawa, amakhala pomwepo mpaka ululu utatha. Musanakakamize munthu, dzifunseni: zikatha izi, wopindula ndani? Nanga zikavuta, mudzakhalapo?

Anthu atabalalika Loweruka lija, a Kwenda anatsalira, chipewa chili m'manja.

"Aphunzitsi, chichokereni tsiku lija simunandiyang'anepo kumaso. Ife tinakuchititsani manyazi pagulu. Akazi anga akuti ndinanyamula munthu wa msinkhu wa bambo anga ngati mbuzi ya pamsika. Ngati tinalakwa, nenani."

"Munalakwa ndithu," ndinatero. "Abulu anuwo amachita kusankha maenje."

Anayamba kuseka, koma maso awo anali atalengeza misozi. "Ndiye tinene kuti nkhani yatha?"

Ndinawapempha kuti andigwire dzanja ndiimirire. Ndinaima, mwendo wodwala uja n'kundinyamula. Ndinawatuma kuti akauze mayi Nasibeko ndi a Lifa kuti kwa abambo mfumu sikupita mlandu uliwonse.

Ndinawakhululukira onse atatu.